Za gule wa kangaude wa ku Italy uja mwafunsa, achimwene

Achimwene, mwafunsa za kavidiyo kaja ka amayi ovina opanda nsapato atanyamula mipango yofiira, komwe pansi pake analembapo kuti guleyo amachiza munthu wolumidwa ndi kangaude. Mukuti kodi azungu nawonso ali ndi vimbuza, kapena ndi zongokopera alendo? Ndaona ena ayankha kale ndi tizithunzi toseka. Ine sindingaseke, chifukwa chino ndi chaka changa chachisanu ndi chimodzi ndikukhala kwawo kwa gule ameneyu, ndipo agogo amene ndimawasamalira anaziona ndi maso awo. Mundipirire, ndilemba zambiri.

Dera lake ndi Salento, kummwera kwenikweni kwa chigawo cha Puglia. Pa mapu dziko la Italy limaoneka ngati jombo, ndiye ife tili kuchidendene. Mzinda waukulu ndi Lecce. Uku nyanja, uko nyanja, koma pakati ndi pouma, dothi lofiira ngati katondo, miyala yokhayokha, mtsinje woti n'kukachapako mulibe. Makolo awo ankatola miyalayo m'minda n'kumangira mipanda ndi tinyumba tam'munda popanda matope kapena simenti, ndipo mpaka lero tilipo. Za Milano ndi Roma muyambe mwaziiwala. Kuno kunali kwa alimi osauka, ambiri opanda munda wawowawo, odalira ganyu kwa eni malo ochepa.

Guleyo dzina lake ndi pizzica, kuchokera ku liwu lawo lotanthauza kutsina kapena kuluma. Koma dzina limodzili lanyamula zinthu zosiyana, ndipo anthu amasokonezera pamenepa. Imene mwaona inuyo ndi pizzica ya chisangalalo, yovina awiriawiri pa ukwati kapena pa tsiku la woyera wa mudzi, mwamuna akuzungulira mkazi osamukhudza, mkazi akumuzemba ndi mpango. Ya kangaude inali ina, ndipo pamenepo panalibe womwetulira.

Zinkayamba mu June, nthawi yodula tirigu, dzuwa likuswa mtengo. Mtsikana ali m'munda ankamva kuti chamuluma. Pofika kunyumba thupi lonse lefu, m'mimba mukupota, chakudya osachifuna, kungogona maso ali kudenga. Akuluakulu ankati yamuluma taranta, dzina lawo la kangaudeyo. Achibale ankatulutsa katundu m'chipinda, kuyala nsalu yoyera pansi, kuika maliboni amitundumitundu ndi chithunzi cha Paulo Woyera, n'kukaitana oimba: wa vayolini, wa akodiyoni, wa gitala ndi wa tamburello. Tamburello ndi kang'oma kam'manja kozungulira ngati sefa, kachikopa cha mbuzi, ndipo m'mbali mwake muli tizitsulo tolira timene kale ankatidula ku zitini. Oimbawo ankayesa nyimbo iyi, kuyesa iyo, kufikira atapeza imene kangaude wa munthuyo akuifuna, pakuti ankati kangaude aliyense ali ndi nyimbo yake ndi mtundu wake wa nsalu. Akangoipeza, wodwala uja ankayamba kugwedezeka ali chigonere, kukwawa chagada ngati kangaude yemweyo, kenako kudzuka n'kumapondaponda pansi ngati akumupha, kuzungulira mpaka kugwa. Apumeko pang'ono, ayambirenso. Tsiku lonse, mawa lakenso, ena masiku atatu kapena kuposa, mpaka mwini wake atanena kuti woyera wamuchitira chisomo.

Pa 29 June, tsiku la Petulo ndi Paulo, ankawakweza pa ngolo kupita nawo ku Galatina, ku katchalitchi ka Paulo Woyera, kukathokoza ndi kukamwa madzi a pachitsime cha pamenepo. Owerenga Baibulo mukukumbukira Machitidwe a Atumwi 28, pamene njoka inamuluma Paulo padzanja pa chilumba cha Malta iye osavulala. N'chifukwa chake za njoka, zinkhanira ndi akangaude anazipereka m'manja mwake. Ansembe sizinkawakondweretsa, koma anthu ankabwerabe. Chowawitsa mtima n'chakuti chaka chotsatira, nyengo yomweyo, ululu uja unkabwerera popanda china chomulumanso. Ena anavina chaka ndi chaka mpaka imvi, banja n'kumira m'ngongole, pakuti oimba sankaimba ulere.

Agogo anga ano, amene ndimawatchula kuti nonna monga achitira adzukulu awo, apitirira zaka 90. Nditawafunsa koyamba anangotembenuzira nkhope kukhoma. Patapita miyezi, tsiku lina tikusenda nyemba pakhomo, anaiyamba okha nkhaniyo. Anati msuweni wawo anavinapo iwo ali kamtsikana, ana akusuzumira pawindo, akuluakulu akuwathamangitsa. Chimene sanaiwale si kuvinako ayi, koma dzanja la woimba tamburello, lomwe linatuluka magazi mpaka chikopa cha ng'oma kufiira, mwini wake osasiya. Msuweniyo anali atamukwatitsa kwa munthu amene sankamufuna. Nonna ananena izi motsitsa mawu, ngati kuti apongozi a mtsikanayo akadali kuseri kwa chitseko.

Mu 1959 kunabwera katswiri wa chikhalidwe cha anthu wochokera ku Napoli, Ernesto de Martino, ndi gulu lake lomwe munali dokotala wa matenda a maganizo komanso katswiri wa nyimbo, Diego Carpitella. Analowa m'nyumba za odwala, anakadikirira ku Galatina, ndipo ku Nardò anakumana ndi Luigi Stifani, bambo wometa tsitsi amene ankasiya lumo n'kunyamula vayolini akamuitana kwa wodwala. Buku la de Martino linatuluka mu 1961, mutu wake La terra del rimorso, ndipo liwu lomalizalo lili pawiri: kulumidwanso, komanso kudyeka mumtima ndi zinthu zakale. Kangaude waululu alipodi kuno, wakuda wa madontho ofiira, koma anapeza kuti ambiri mwa ovinawo si iye anawaluma. Ululu wa kangaude susankha akazi, ndipo sudikira June wa chaka chamawa. Ochuluka anali akazi, ndipo kulumidwa koyambako kunkagwa pa nthawi yotha msinkhu, ya chibwenzi chimene makolo akana, ya ukwati wokakamiza, kapena ya maliro. Ndimamulemekeza bamboyu chifukwa sanawatche amisala kapena onamizira. Anaona kuti mkazi amene analibe pokadandaula, mudzi wonse unkasiya ntchito masiku atatu n'kumamuyang'ana iye yekha.

Apa tsopano ndi pamene ine mwana wa ku Kasungu zinandilasa mtima. Salento linali dziko la fodya. Akazi ogwira ntchito ya fodya ankatchedwa tabacchine, ndipo nonna anali mmodzi wa iwo. Kuthyola m'mamawa kusanatenthe, kusoka masamba ndi singano yaitali, kuyanika padzuwa pa mafelemu amatabwa, kenako m'nyengo yozizira kukhala tsiku lonse m'nyumba zosankhiramo fodya, pamaso pa mayi woyang'anira wosalola n'kulankhula komwe. Pa 15 May 1935 ku Tricase anthu anadzaza pabwalo atamva kuti ntchito ya fodya ya m'tauni yawo ikusamutsidwira ku Lecce. Achitetezo anawombera, anthu asanu n'kufa. Nyimbo zambiri zimene lero achinyamata akudumpha nazo pa zikondwerero zinabadwira m'minda imeneyi, zoimba pakamwa pokha, wina kutsogolera enawo kuvomera, zodandaula dzuwa, malipiro, ndi zimene akapitawo ankawachita atsikana. Nditawauza nonna kuti bambo anga anali tenanti pa esiteti, anandigwira dzanja n'kuyang'ana zala zanga. Anafunsa ngati fodya wa kwathu nayenso amasiya utomoni wakuda uja m'manja, wosachoka ndi sopo. Ndinati eya. Kuyambira tsiku limenelo sanandionenso ngati wantchito chabe.

Tsono kodi ndi vimbuza? Kufanana kulipo ndithu, ndipo amene wakhalapo pa vimbuza ku Rumphi kapena ku Mzimba sangadabwe: ng'oma yosalekeza, kufufuza nyimbo imene wodwala aivomere, akazi kuchuluka, anthu kuzungulira. Koma tisafulumire kunena kuti ndi chinthu chimodzi. Vimbuza muli mizimu, ndipo pali sing'anga woidziwa ndi kuitchula maina. Kuno sing'anga kunalibe, ntchito inali ya oimba, ndipo mwini wake wa matenda ndi machiritso anali woyera wa m'tchalitchi. Kusiyana kwina n'kwakuti vimbuza, zomwe UNESCO inazilemekeza mu 2005, anthu akuchira nazobe. Kuno machiritsowo anatha.

Anatha chifukwa moyo unasintha. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 amuna anakhamukira ku Switzerland, ku Germany, ku migodi ya malasha ya ku Belgium ndi ku mafakitale a Torino ndi Milano, monga makolo athu ankapitira ku Joni ndi ku Harare. Kunabwera ndalama, sukulu, zipatala, wailesi yakanema. Kunabweranso manyazi. Munthu sankafuna kuti zimveke zoti mayi ake anagubuduka pansi ku Galatina, ndipo matamburello anaponyedwa kuseri kwa makabati.

Amene anawatolanso ndi ana ophunzira. Mu 1975 mlembi Rina Durante anayambitsa gulu la Canzoniere Grecanico Salentino, lomwe likuimbabe mpaka pano, ndipo achinyamata anayamba kuyenda m'midzi kujambula mawu a nkhalamba monga Uccio Aloisi wa ku Cutrofiano. Mu 1998 kunayamba chikondwerero cha nyimbozi chotchedwa La Notte della Taranta. Chimake chimachitika kumapeto kwa August ku Melpignano, kamudzi ka anthu pafupifupi 2,000, koma usiku umenewo kumasonkhana anthu oposa 100,000 ndipo amaonetsa pa wailesi yakanema ya dziko lonse. Kwabwerapo oimba otchuka monga Stewart Copeland, Ludovico Einaudi, ngakhalenso Ballaké Sissoko wa ku Mali ndi kora yake, choimbira cha zingwe. Ndikuganiza kuti kavidiyo kanu kachokera ku zoterezi.

Ine ndinapitako kamodzi, ndinavina mpaka miyendo kuwawa, ndipo sindinganene kuti ndi zabodza. Ana a kuno sakuchitanso manyazi ndi chilankhulo cha agogo awo, ndipo ambiri akudya ndi nyimbozi. Chimene chimandiwawa ndi kuona kangaude atasindikizidwa pa malaya ndi pa makapu ogulitsa kwa alendo, atsikana akudzigwetsa pansi pa nsanja mokongola ngati sewero. Nonna akaona zimenezo amandiuza kuti ndithimitse. Msuweni wawo uja sanavinire kukongola.

Pali china chimene ambiri sachidziwa. M'midzi ina pakati pa Salento, monga Calimera, Sternatia, Martano ndi Zollino, nkhalamba zimalankhula Griko, Chigiriki chawochawo chimene chakhala kuno zaka mazanamazana. Boma linachivomereza ndi lamulo la mu 1999, koma ochilankhula bwino akutha. Kale kumeneko kunali amayi odziwa kulira maliro, amene ankaitanidwa kukaimba m'malo mwa wakufa ndi mayi ake, ngati awiriwo akuyankhana. Nditamva mawu awo ojambulidwa kale, ndinakumbuka amayi a kwathu m'nyumba ya siwa mbandakucha.

Za moyo wa tsiku ndi tsiku, m'chilimwe mudzi umafa masana. Kuyambira 1 koloko mpaka cha m'ma 4 mashopu otseka, mawindo otseka, galu yekha pamsewu. Dzuwa likapepa agogo amatulutsa mipando pakhomo n'kumacheza mpaka usiku, ndipo wodutsa wosapereka moni amakambidwa. Uthenga wa maliro amamata pakhoma pabwalo. Chakudya cha m'munda ndi frisa, buledi wouma gwa wooneka ngati nkhata, womunyika m'madzi n'kufinyirapo tomato, mchere ndi mafuta a azitona. China ndi nyemba zosenda zophika mpaka kukhala ngati chipere, zodyera masamba owawa otola m'tchire. Mu August banja lonse limakumana kuphika tomato wa chaka chonse n'kuthira m'mabotolo. Pa 16 January ku Novoli amayatsa focara, mulu wa nthambi zosadza za mpesa wotalika kuposa nyumba yosanja, polemekeza Antonio Woyera. Pa 19 March m'midzi ya kufupi ndi Otranto mabanja amayala matebulo a Yosefe Woyera, chakudya chodzaza, chitseko chotsekula, mwambo umene unayambira pa kudyetsa osauka.

Chisoni cha masiku ano ndi mitengo ya azitona. Mu 2013 kufupi ndi Gallipoli kunapezeka kachirombo kotchedwa Xylella, kamene kamatseka njira za madzi mu mtengo. Mitengo mamiliyoni yauma, ina ya zaka mazana ambiri. Mukamayenda pa basi mumangoona zitsa zotuwa mbali zonse. Mwana wa nonna atadula ya bambo ake anatha sabata osalankhula ndi munthu.

Ndipo minda ya ku Nardò ija, kwawo kwa wometa tsitsi wa vayolini, lero okolola mavwende ambiri ndi abale athu a ku Africa, ogona m'zisakasa ndi kudyeredwa ndi akapitawo amene kuno amati caporali. Mu 2011 ananyanyala ntchito motsogozedwa ndi mnyamata wa ku Cameroon, Yvan Sagnet, ndipo mu 2016 dziko linakhwimitsa lamulo lolanga mchitidwewu. Ndikamva nyimbo za tabacchine ndimaganiza za iwowa, chifukwa dzuwa lake ndi lomwelo, dothi lake ndi lomwelo.

Achimwene, ngati mudzafike kuno, Melpignano mudzaione, koma musadzaphonye mudzi wa Torrepaduli usiku wa pa 15 August, pa chikondwerero cha San Rocco. Kumeneko anthu amapanga mabwalo awoawo panja pa tchalitchi, matamburello okhaokha mpaka kucha, ndipo amuna awiriawiri amalowa pakati kuvina ngati akulasana ndi mipeni, zala ziwiri zitaloza kutsogolo m'malo mwa mpeni.

Ndili ndi pempho kwa a ku mpoto muli m'gulu muno. Nditawafotokozera nonna za vimbuza anakhala chete, kenako anafunsa kuti, "Nanga amachira? Kapena chaka chamawa zimabweranso?" Akufunanso kumva ng'oma zake. Amene ali ndi kavidiyo ka vimbuza zenizeni za kumudzi, osati za pa bwalo la zisudzo, ndipo eni ake analola kuti anthu aone, chonde anditumizire, ndiwaonetse mawa madzulo tikatulutsa mipando.