Kwa achimwene amene akufuna kusiya feteleza chaka chino

Achimwene aku Ntcheu, mwafunsa ngati nzotheka kulima ekala yanu ija ndi manyowa okhaokha poti thumba la feteleza linadutsa kale K100,000 ndipo dzina lanu silinatuluke pa mndandanda wa boma wa feteleza wotsika mtengo. Ndaona ena akuyankhani kuti eee nzotheka, makolo athu ankalima opanda feteleza. Ine ndikuti musathamange. Makolo ankalima pa mphanje, munda ukatopa amausiya ugonere zaka zingapo nkukatsegula kwina, nanga inu kwinako muli nako? Munda woti wakhala ukudya NPK ndi yureya chaka ndi chaka, chimanga chokhachokha, mapesi kumangootcha, mukaumana feteleza mwadzidzidzi mudzakolola zitsononkho nkumadzati za manyowa nzabodza. Vuto lanu lalikulu si mtengo wa thumba ayi, ndi nthaka yoguga, nde muyambe mwaidyetsa kaye, fetelezayo muzimuchepetsa pang'onopang'ono.

Chimene sichifuna ndalama olo tambala imodzi ndi kuleka kuotcha mapesi. Anthu amati phulusa ndi manyowa, zoona lilipo limene limathandiza, koma nayitrojeni amene chimanga chimamufuna kwambiri uja amapita ndi utsi, phulusa lotsalalo mphepo ya mu Okutobala nkuliulutsa. Mapesi agonekeni pansi aphimbe nthaka. Mudzapite mmunda mu Januwale kukachita ng'amba ya masabata awiri, mudzafukule ndi dzanja pansi pa mapesiwo, dothi mudzalipeza lozizira, lonyowa, lofewa moti chala chikulowa, nyongolotsi zikuphiriphitha, pamene kwa aneba a mizere ya mbee chimanga chapota masamba ngati anyezi 10 koloko isanakwane. Mu 2024 muja El Niño atatikwapula mpaka boma kulengeza za ngozi mmaboma 23 mwa 28, kwathu kuno amene anatolako kangachepe ambiri anali ophimbira ndi obzala mmayenje. Mudzamva kuti mapesi amaitana chiswe, koma chiswe chimakhalamo kale mmunda, chikapeza zouma pansi chimatangwanika ndi zimenezo, ndipo timauna take timathandiza madzi kulowa pansi.

Koma ndisakunamizeni, ulimi wa mtayakhasu, wophimbira nthaka ndi mapesi osagalauzawu, uli ndi zowawa zake. Chaka choyamba chimanga chimatha kuchita chikasu chifukwa tizilombo tooletsa mapesi timayamba tadya kaye nayitrojeni wa mnthaka, nchifukwa chake ndikuti feteleza wobereketsa musamusiye pano. Udzunso umavuta zaka zoyambirira, ambiri amathawira ku mankhwala opha udzu, amene ndi ndalama zina komanso si za chilengedwe zimene mukufunazo. Nde musayambe ndi ekala yonse, yambani ndi kachigawo kamene mungakwanitse kuphimbira mokwanira ndi kuzulira ndi manja.

Ndikanakhala ine ekalayo ndikanaidula pawiri. Theka chimanga, theka mtedza wosakaniza ndi nandolo, chaka chamawa nkusinthanitsa. Mtedza umacha msanga, nandolo amakula mochedwa nde salimbana, mukakumba mtedza iye amatsala akuyoyola masamba mpaka mu Ogasiti uko, mizu yake yaitali ikuboola chidothi cholimba chija chimene chimapangika pansi pomwe khasu limalekezera. Tazulani phata limodzi la mtedza kapena soya muone timibulu ta kumizu, mukatiphwanya mkati muli mofiirira, mmenemo ndi mmene mukupangidwa chakudya cha chimanga cha chaka chamawa. Njira imeneyi si yongopeka pa Facebook, alimi a ku Ekwendeni akhala akuiyesa kuyambira 2000 pansi pa pulojekiti ya Soils, Food and Healthy Communities, imene inayambira pa chipatala cha mishoni pofuna kuthana ndi kunyentchera kwa ana. Kaufitinso amachepa mukamasinthasintha mbewu chonchi, paja iye amakonda nthaka yoguga ya chimanga chokhachokha. Masangwi a mtedza musatenthe, abwerere mmunda kapena adutse mkhola la mbuzi. Za msika wa nandolo musawerengere kwambiri, mukukumbuka 2017 India atachepetsa kugula mitengo inagwa anthu nkulira, mubzaleni chifukwa cha ndiwo, nkhuni ndi nthaka, ndalama ikabwera ndi bonasi.

Pa theka la chimangalo ndi pomwe pabwere manyowa a Mbeya. Miyezo alangizi amaiphunzitsa mosiyanako pang'ono koma umene ambiri timatsata ndi uwu, madeya a chimanga 20kg, ndowe zouma zosinjasinja za nkhuku, nkhumba kapena mbuzi 20kg, phulusa losefa 10kg, feteleza 10kg, madzi malita 5. Sakanizani bwinobwino mpaka mukafumbata mmanja zizigwirana koma osadontha madzi, thirani mthumba loti mkati mwavekamo pulasitiki, mangani zolimba mpweya usalowe, ikani pamthunzi masiku 21. Tsiku lomasula musayandikitse nkhope, fungo lake limalasa mmphuno mpaka misozi. Yanikani pamthunzi osati padzuwa, ndipo musawasunge nthawi yaitali chifukwa fungo limenelo ndi mphamvu imene ikuthawa. Wokulitsa mumapanga ndi NPK, wobereketsa ndi yureya. Thumba limodzi la feteleza la 50kg limatulutsa matumba 5 a Mbeya, koma apa pali bodza limene limayenda mmagulu muno lakuti matumba 5 amenewo ndi ofanana mphamvu ndi matumba 5 a kusitolo. Ayi ndithu. Mbeya ndi wotambasula feteleza wochepa uja kwinaku mukuonjezera za mnthaka, ndipo pa phando mumathira wochulukirapo. Komanso poti muli feteleza, si manyowa achilengedwe enieni, ndi pongodutsira. Enieniwo ndi kompositi wa chimato, wa mulu womata ndi dothi uja, kapena wa mdzenje ndi manyowa a mkhola owola bwino, amene amafunika ngolo zambiri, nchifukwa chake kuli bwino kuwathira pa phando kapena mmayenje kusiyana ndi kumwaza munda wonse.

Mitengo musaiwale. Nsangu ndi mtengo wodabwitsa, umayoyola masamba nthawi ya dzinja pamene ina yonse ikuphukira, nde sutchinga dzuwa, chimanga cha pansi pake chimaoneka chobiriwira kuposa china chonse. Kungoti umachedwa, ndi wobzalira ana. Wachangu ndi gilisidiya, zaka ziwiri zitatu mwayamba kudula masamba nkumakwirira. Zitsa zimene zikuphukira zokha mmunda musazule zonse, patulirani nthambi nkusiya ziwiri zitatu zikule.

Mwafunsanso ngati izi zimathandizadi chilengedwe kapena ndi nkhani za mabungwe chabe. Taonani mtundu wa madzi a mu Rivirivi mvula yoyamba ikagwa. Chofiira chimenecho ndi dothi la pamwamba la minda yanu komweko, pamodzi ndi feteleza amene munagula modula, zonse ulendo wa ku Shire kukadzaza damu la Nkula, kenako tonse tizidandaula kuti magetsi azima. Munda wophimbira, wa akalozera obzalidwa udzu wa vetiva, madzi amaima nkulowa pansi mmalo mothamanga kukakumba zigwembe, ndipo madzi olowa pansiwo ndi omwe amasunga zitsime za kudimba mpaka mu Novembala. Sindikunena kuti vetiva akanaimitsa namondwe Freddy mu 2023, mvula imene ija inali ina, koma mvula wamba ya chaka ndi chaka ndi imene ikutidyera nthaka mwakachetechete ndipo imeneyo ndiyotheka kuigwira.

Chimene chingakugwetseni mphwayi si nthaka koma anthu. Mudzagoneka mapesi bwinobwino, mu Julayi anyamata osaka mbewa nkudzayatsa moto, kapena ng'ombe ndi mbuzi zolekerera kudzadya mapesi ndi nandolo yemwe. Lambulani mmbali mwa munda moto usalowe, ndipo nkhaniyi mukaitule kwa amfumu mukadali mu nyengo yokolola, muli anthu angapo osati nokha, kuti pakhale lamulo la mmudzi pa za moto ndi ziweto. Madeya yambani kusunga pompano, ikafika Okutobala a nkhumba ndi a kachasu amakhala atawakweza mtengo.