Ngati mukufuna nyenyezi, pitani ku Nyika mwezi uli kumdima

Achemwali, mwafunsa kuti ndi malo ati okwera kuno kwathu amene mungapite ndi ana kukaona nyenyezi bwinobwino, ndiponso mwezi woyenera kupita. Ine ndikuti Nyika, makamaka ku Chelinda, malo ogona alendo a m'pakimo.

Ku Zomba Plateau n'kufupi, inde, koma magetsi a tauni ali m'munsimo amayeretsa thambo. Ku Mulanje mdima ulipo wokwanira, koma muyenera kukwera wapansi ndi katundu, ndipo chiperoni chikabwera mu June kapena July mungagone masiku atatu osaona ngakhale nyenyezi imodzi. Ku Nyika galimoto imakufikitsani pamwamba penipeni, mamita oposa 2,000, pa udzu wopanda mitengo yotchinga, tauni ili kutali. Nkhungu imagwako nakonso, n'chifukwa chake musakonze zogona usiku umodzi wokha. Atatu ndiye bwino.

Chofunika kuposa zonse ndi tsiku. Yang'anani pa kalendala tsiku limene mwezi ukhale watsopano, mupite masiku awiri kapena atatu lisanafike kapena litangodutsa. Ine ulendo wanga woyamba ndinangotsatira holide, ndinakapeza mwezi wathunthu uli mbee ngati masana. Mbidzi ndinaziona usiku, koma Mlalang'amba, mzere woyera wa nyenyezi zambirimbiri wodutsa pathambo uja, ayi. Miyezi yabwino ndi June, July ndi kuchiyambi kwa August. Mukachedwa mpaka September ndi October, utsi wa moto wa m'tchire umaphimba thambo, nyenyezi zimaoneka ngati mukuziyang'ana kudzera m'nsalu.

Nthawi imeneyi kukangoda, nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda, zotchedwa Mtanda wa Kumwera, zimakhala chakumwera, ndipo usiku ukamakula chigawo chowala kwambiri cha Mlalang'amba chimafika pafupifupi pamutu, pamodzi ndi nyenyezi zopindika ngati chinkhanira zokhala ndi ina yofiira yotchedwa Antares. Mukalimba mtima kudzuka cha m'ma 4 koloko m'bandakucha mu July, muona Nsangwe, kagulu ka nyenyezi zothithikana, zikutuluka kum'mawa, Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana zija, akubwera pambuyo pake. Mayina amenewa aphunzitseni ana, agogo athu ankawadziwa asanaone telesikopu.

Ndipo telesikopuyo musavutike nayo. Maso okha akwanira, ndipo ngati wina angakubwerekeni mabainokyula, basi mwalemera. Chimene chimawononga ndi foni. Maso amafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, ndiye wina akangoyatsa sikirini kuti aone WhatsApp, nonse mwayambiranso. Tochi imangeni ndi pepala la pulasitiki lofiira. Pulogalamu ya Stellarium, yosonyeza mayina ndi malo a nyenyezi, ikani pafoni mukadali kunyumba, chifukwa netiweki kumtundako si yoidalira, ndipo muiike pa kuwala kofiira.

Tsopano kuzizira. Musakuderere, achemwali. Mu June ndi July udzu umachita chisanu choyera m'mawa, ndipo munthu woona nyenyezi amakhala phee malo amodzi, ndiye mphepo imamulowa mpaka m'mafupa. Majuzi awiri aliyense, zipewa, masokosi ochindikala, mabulangete, fulasiki ya tiyi, ndi mphasa kapena matiresi woti mugonepo chagada. Kuyang'ana kumwamba mutaimirira khosi limapweteka mphindi khumi zisanathe.

Msewu ndi wochokera ku Mzuzu kudzera ku Rumphi kukalowera pa geti la Thazima, ndipo kuchokera pagetipo kukafika ku Chelinda ndi makilomita ena pafupifupi 60 a fumbi. Pamafunika galimoto yokwera, ndipo mafuta mudzaziretu ku Mzuzu kapena ku Rumphi okwanira kupita ndi kubwerera. Nyamukani m'mamawa kuti mufike kukadali kowala. Malo ogona sungitsanitu, ndipo mufunse mitengo yolowera m'paki musananyamuke.

Pomaliza, kumbukirani kuti muli m'nkhalango ya nyama. Kuli afisi ndi akambuku. Musatengeke n'kumayenda mumdima kufunafuna malo abwino. Funsani ogwira ntchito pamalopo akuonetseni poyala mphasa, ndipo ana akhale pambali panu.