Mawu amenewo musamutumizire lero

Achemwali, mwafunsa tanthauzo la "every cloud has a silver lining" komanso ngati mungamutumizire mnzanu woti wachotsedwa ntchito. Tanthauzo lake silovuta: vuto lililonse limabisa kabwino kena. Kwa Angerezi mtambo wakuda ndi chisoni, ndiye dzuwa likabisala kuseri kwake, m'mphepete mwa mtambowo mumawala ngati siliva. Gwero lake ndi ndakatulo ya John Milton ya mu 1634. Koma kumulembera mnzanu woti wachotsedwa ntchito dzulo dzuloli? Ayi, chonde.

Ine anandiuzapo mawu amenewa mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy. Tinkachita lendi ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche. Mvula inali itagwa masiku osakata, magetsi atazima kalekale, kenako chiphokoso chochokera kuphiri ngati malole akukhuthula miyala. Ndinabereka wamng'ono, wamkulu ndikumukoka dzanja, matope m'mawondo, patapata imodzi inatsala momwemo. Pobwerera, khoma la kuchipinda kulibe. Makina anga osokera, omwe ankatidyetsa, mchenga mpaka mu bobini. Mayunifolomu a ana a eni, oti ndalama ndinalandira kale, osadziwikanso mtundu. Uku anansi akukumba ndi makasu kufunafuna abale awo.

Ndiye alandilodi atipeza m'kalasi momwe tinkagona, nsapato zawo zili mbuu osakhudza thope, n'kundigwira paphewa: "Mayi, every cloud has a silver lining, mwina Mulungu akufuna musamukire kwabwino." Nditafunsa za lendi ya Epulo yomwe ndinalipiriratu, akuti nawonso ndi okhudzidwa. Okhudzidwa akugona pa matiresi ku Namiwawa! Mpaka lero olo 1 tambala. Mlungu womwewo makasitomala ayamba kuimba kufuna nsalu zawo. Mvula ikakuona litsiro sikata, ndinazionera pamenepo.

Chizungu chotere chimakoma m'kamwa mwa munthu woti sanataye kanthu. Woyenera kuunena mwambiwu ndi mwini vuto, zinthu zitapola, osati wobwera kudzapepesa.

Mnzanuyo mutumizireni kangachepe pa Airtel Money, mupite mukakhale naye, akalira musiyeni alire. Komanso musamulekerere azingogona, muzimukumbutsa kuti ntchito si imodzi, zabwino zili kutsogolo. Ineyo panopa ndikusoka ku Lunzu, maoda akuchuluka kuposa ku Chilobwe, ndipo sindikanasamuka pandekha. Koma alandilodi aja asamve zimenezi, angayambe kunena kuti analosera. Ndalama yanga ndikuifunabe.