Kwa achimwene a ku Santhe: maimelo obwera katatukatatu aja

Achimwene, ndawerenga funso lanu. Mwati pa ofesi ya kopaletivi yanu pali kompyuta yakale ya Linux imene imakoka maimelo ndi pulogalamu yotchedwa fetchmail, amene anaitchera anachoka kalekale, ndipo masiku ano kalata imodzi ikumafika katatu, zina zikumasowa pa foni ya a tcheyamani, pomwe akaunti ya Gmail yangokaniratu pasiwedi. Mwafunsanso ngati ndi bwino kudikira kuti eni pulogalamuyo akonze. Ine ndikuti musadikire. Zambiri mwa zimenezi mukhoza kuzithetsa nokha sabata ino, msika wa fodya ku Chinkhoma usanafike pachimake pamene makalata a ogula amachuluka.

Ndiyambe ndi kubwerezaku, chifukwa kunandisowetsapo tulo pa ofesi ina kuno ku boma. Tsiku lina m'mawa tinapeza makalata ofanana atadzaza tho, mlembi akufufuta imodziimodzi mpaka dzanja kuwawa. Gwero lake lili mu POP3, njira yakale yokokera makalata imene malamulo ake analembedwa mu 1996. Pulogalamu ikakoka kalata imauza seva, kompyuta yakutali imene imasunga makalata anu, kuti iifufute, koma seva sifufuta pompo. Imangoika chizindikiro, n'kudikira mawu otsanzika akuti QUIT kumapeto. Netiweki ikaduka kapena magetsi akazima mawuwo asanafike, seva imaiwala zizindikiro zonse zija. Ulendo wotsatira fetchmail imayambanso pa kalata yoyamba. Kumene intaneti siduka anthu sakumana nazo kwenikweni, koma kuno kwathu, bandulo ikathera pakati pa ntchito, ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku.

Tsegulani failo ya malangizo a fetchmail, yotchedwa .fetchmailrc. Pa mzere wa seva, umene umayamba ndi poll, onjezani mawu akuti uidl. Pamenepo pulogalamu iyamba kusunga nambala ya kalata iliyonse imene yakoka kale mu failo ina, .fetchids. Failo imeneyo muisamale, ikafufutika zonse zibweranso mwatsopano. Pa mzere wa user onjezani fetchlimit 20, kuti izikoka makalata 20 okha, n'kutsanzika bwinobwino, kenako n'kudzapitiriza. Ikaduka, obwerezedwa akhala ochepa. Palinso limit, imene mumaipatsa kukula kwa kalata kuti zikuluzikulu izizisiya kaye pa seva. Wina akatumiza zithunzi za msonkhano zosachepetsa, sizikutherani bandulo m'mawa umodzi.

Za kusowa kwa makalata pa foni ya a tcheyamani, fetchmail sinalakwe, ikungochita zimene inapangidwira. Mukapanda kuiuza kanthu, ikakoka kalata imaifufuta pa seva, ndiye foni ikafika imapeza m'bokosi muli mbee. Mankhwala ake ndi mawu amodzi, keep, pa mzere wa user womwe uja. Koma keep iziyenda limodzi ndi uidl nthawi zonse, apo ayi mwaitananso kubwereza kuja. Muziyang'ananso malo otsala pa seva, poti tsopano makalata aziunjikana kumeneko.

Gmail ndi nkhani ina. Kuyambira pa 30 May 2022, Google inasiya kulola mapulogalamu otere kulowa ndi pasiwedi wamba pa maakaunti a anthu. Microsoft nayo inachita chimodzimodzi pa Outlook.com mu September 2024. Akufuna njira yotchedwa OAuth2, imene pulogalamu imapatsidwa chilolezo popanda kusunga pasiwedi yanu. Apa ndiye pali zija mukufuna kudikira. Fetchmail ndi pulogalamu yakale, Eric Raymond anaitenga mu 1996 ikutchedwa popclient, ndipo pano amaisamala ndi Matthias Andree. Mtundu wa 6.4 unatuluka mu 2019, wa 6.5 mu 2024. OAuth2 anaiika mu mtundu wa 7, umene wakhala zaka uli pa gawo loyeserera lotchedwa alpha. Makalata a alimi ndi a banki sindingawaike pa chinthu chimene eni ake akuchiyesabe. Chochita ndi ichi: yatsani 2-Step Verification (kutsimikizira ndi foni polowa) pa akaunti ya Google, mupange App Password, pasiwedi yapadera ya pulogalamu, ya zilembo 16, muiike mu .fetchmailrc m'malo mwa pasiwedi yakale. Nambala ya foni imene mugwiritse ntchito ikhale ya ofesi, osati ya munthu amene mawa akhoza kusamuka.

Dziwani kuti pasiwedi mu failo imeneyo imalembedwa poyera, aliyense woitsegula aiwerenga. N'chifukwa chake fetchmail imakana kuyamba ngati failoyo ili yotseguka kwa ena. Lembani chmod 600 .fetchmailrc, basi yatseka.

Kanthu kena kamene anthu sakaganizira: kuyambira mtundu wa 6.4, fetchmail imafufuza satifiketi ya seva, chiphaso chotsimikizira kuti ndi seva yeniyeni, isanalumikize. Kompyuta yanuyo ndi yakale. Ngati kabatire kozungulira ka pa motherboard, CR2032, kanatha, magetsi akazima wotchi imabwerera ku chaka china chakale, ndipo satifiketi yabwinobwino imaoneka yosayenera. Ndinatayapo tsiku lathunthu ndikusakasaka cholakwa mu failo, osadziwa kuti deti la pa kompyuta ndi limene linasokonekera. Yang'anani deti musanakhudze china chilichonse. Ndipo wina akakuuzani kuti mungozimitsa kufufuza satifiketiko kuti ziyende, mukane.

Tsono maganizo anga enieni. Ngati pa ofesipo owerenga makalata ndi anthu awiri kapena atatu, ndipo palibe amene amamva bwino Linux, fetchmail ikukulemetsani pachabe. Ikani Thunderbird, pulogalamu yowerengera maimelo, ndi yaulere, mulumikize ndi njira ina yotchedwa IMAP pa port 993. IMAP imasunga makalata pa seva, kompyuta ndi foni zimaona chimodzimodzi, yowerengedwa pa foni imaoneka yowerengedwa pa kompyuta. OAuth2 ya Gmail ilimo kale. Thunderbird ya pa Android inatuluka mu 2024, a tcheyamani akhoza kuikanso. Nayo ili ndi zovuta zake, sindikubisirani. Nthawi zina mndandanda wa makalata umasokonekera, mutu wina kalata yake ina, makamaka kompyuta ikazima mwadzidzidzi. Mumapita pa Properties ya foda, n'kudina Repair Folder. Ikamachita Compact, kuyeretsa mafoda, musaizimitse. Komanso tsiku loyamba IMAP imafuna kukoka mafoda onse, ndiye pa Synchronization & Storage iuzeni ikoke a masiku 30 okha.

Musanasinthe kalikonse, koperani makalata akale ali pa kompyutayo mu flash, pamodzi ndi .fetchmailrc ndi .fetchids. Popeza fetchmail yakhala ikufufuta pa seva zaka zonsezi, n'kutheka kuti makalata amenewo kulibenso kwina kulikonse. Mukakakamira pena, lembani fetchmail -v, mujambule zimene zatuluka, muphimbe adiresi ndi dzina la akaunti, mutumize muno tione limodzi.