Yambani ndi mikono, zilembo za Hubble zibwera pambuyo

Achimwene, mwafunsa kuti muyambire pati kusiyanitsa milalang'amba ya mikono yopindika ija poti ma Sa, Sb, Sc akukusokonezani. Ine ndiye ndingati zilembozo zisiyeni kaye. Vuto lake ndi loti Edwin Hubble, katswiri wa zakuthambo, mu 1926 anapanikiza zinthu ziwiri pa chilembo chimodzi, kukula kwa chotupa cha pakati ndi mmene mikono yakulungikira, Sa chotupa chachikulu mikono yothina, Sc chotupa chaching'ono mikono yotayana, koma kumwambaku ziwirizi siziyendera limodzi nthawi zonse, a Galaxy Zoo, pulojekiti ya pa intaneti imene anthu wamba amathandiza kusiyanitsa milalang'amba, anachionanso chimenechi mu 2019.

Yang'anani mikono yokha basi. Akatswiri a zakuthambo Debra ndi Bruce Elmegreen mu 1982 anaigawa m'magulu 12 koma musachite mantha, kwenikweni ndi mitundu itatu. Tsegulani chithunzi cha mlalang'amba wa M51, muona mikono iwiri yaitali yofanana yoti mutha kuilondola ndi chala kuchokera pakati mpaka kumapeto osasochera, imeneyo ndi grand design, ndipo ndi womwewu umene katswiri wina, Lord Rosse, anayamba kuuona kuti ndi wopiringizika mu 1845, kamlalang'amba kamnzake kali pambali kaja ndi kamene kakuukoka. Kenako NGC 4414 kapena NGC 2841, tizidutswa tokhatokha ngati thonje lomwazika, chala chimathera panjira, amati flocculent. M101 ili pakatikati, mikono yambiri yochita nthambi.

Sankhani milalang'amba yoyang'ana kwa ife ngati mbale yoikidwa pansi. Za M104 musataye nazo nthawi, timaionera m'mbali ndiye mikono muiwerenga bwanji. Komanso muzifunsa kuti chithunzicho anajambula ndi kuwala kwanji, M63 pa chithunzi wamba ndi flocculent koma mu infrared, kuwala kosaoneka ndi maso, imatulutsa mikono iwiri mkatimo, ine zinandipusitsapo zimenezi ndinachita kukangana ndi munthu.

Mukazolowera ndiye onjezani funso loti mlalang'ambawo uli ndi chindodo chodutsa pakati kapena ayi, NGC 1300 ndiye chimaonekeratu, mikono imayambira kunsonga zake, apo ndi pamene SB, chilembo cha milalang'amba yokhala ndi chindodo, imabwera.

Poyeserera lowani pa Galaxy Zoo pa webusaiti ya Zooniverse, ndi yaulere, foni imakwana bola bandulo. Mukadzapeza bainokyula usiku wopanda mwezi cha mu Meyi fufuzani M83, kwathu kuno imakwera pamwamba ndithu, koma muona kachifunga chabe, mikonoyo imafuna telesikopu yayikuluko.