Kalata yopempha fizi: tilembe zolira kuti atimvere chisoni?

Mayi wina wa kwa Malengachanzi ku Nkhotakota wanditumizira uthenga uwu, ndangoufupikitsa: "Aphungu, mwana wanga wamkazi anakhoza MSCE ndi mapointi 14 ndipo a NCHE, bungwe losankha ana opita ku mayunivesite a boma, amusankha kukachita za usodzi ku Mzuni (Mzuzu University). Bambo ake ndi asodzi koma chilimira chawo, ukonde wophera usipa, chinapita ndi mwera, fizi tilibe. Tikufuna kulemba makalata kwa anthu akufuna kwabwino. Amalume ake akuti tilembe zomvetsa chisoni kwambiri, mpaka tinene kuti ndi wamasiye, akuti anthu satulutsa ndalama asanagwetse misozi. Kodi n'zoona?"

Amayi, choyamba mumuuze mwanayo kuti wagwira ntchito, mapointi 14 si masewera ayi.

Amalumewo penapake akunena zoona. Munthu samasula chikwama ndi mutu wokha, mpaka mtima ukhudzidwe kaye. Koma za umasiyezo ayi ndithu, musayerekeze. Nkhotakota ndi yaing'ono amayi, wofuna kuthandizayo akangoimbira foni ahedi kapena kufunsa kwa amfumu nkhani yathera pompo, ndiye tangoganizani apeze kuti malemuwo anawaona dzulo pa doko akusoka ukonde. Ndipotu ngakhale zitadutsa, digiri ndi zaka 4, mwana adzakhala akubisa bambo ake zaka zonsezo? Tsiku la giraduweshoni adzawaimika kuseri kwa mtengo? Kupha munthu wamoyo papepala kumeneko, ine zimandinyansa.

Tsopano za mawuwo. Makalata otere ndawawerenga ambiri ndipo amayamba mofanana ngati anakoperana: ndine wovutikitsitsa, ndikulira usana ndi usiku, ndilibe wondithandiza pa dziko lino, chonde chonde mundimvere chisoni. Kalata yoyamba imakugwira. Ukafika yachikhumi mawu aja aphwa, maso amangodutsapo. Vuto lake ndi loti mawu amenewa akuuza wowerenga zoti amve mumtima koma sakumuonetsa kanthu, ndipo aliyense atha kuwalemba, ngakhale mwana wa bwana amene akungofuna ya foni yatsopano.

Nanga bwanji akalemba chonchi: "Bambo anga akhala akupha usipa kuyambira ndisanabadwe. Mu Julaye mwera unawagudubuzira bwato, iwo anapulumuka koma chilimira chinatsala m'madzi. Panopa tikudya kondowole wa chinangwa cha m'munda mwa amayi. Ndasankhidwa kukaphunzira za usodzi ku Mzuzu University, ndikufuna ndikamvetse chifukwa chake nsomba zikuchepa m'nyanja imene yandilera."

Mwaona? Palibe pamene walira, palibe chonde ngakhale m'modzi, koma wowerenga waliona bwatolo. Mawu okhudza mtima enieni ndi amenewa, dzina la chinthu, mwezi wake, chimene chinatayika. Ndipo chiganizo chomalizacho ndiye chofunika kuposa zonse chifukwa chikusintha nkhani, kuchoka pa chisoni kupita pa chiyembekezo. Wachisoni amakupatsa kamodzi kuti mtima wake ukhale m'malo kenako foni sayankhanso, pamene amene waona kuti mwanayu akupita patali amafunsa yekha kuti semesita yamawa zili bwanji. Inu mukufuna wa mtundu wachiwiriwu, masemesita alipo 8.

Sindikuti mawu ngati mantha kapena kupweteka asapezekemo. Ngati akuopadi kuti malo ake apita, alembe kamodzi kuti ndikuopa kutaya malowa, basi. Zili ngati mchere, wa m'ndiwo ndi uja wotapa ndi zala.

Kenako manambala, apa ndi pamene ambiri amagwa, amalira tsamba lonse koma osanena kuti akufuna zingati. Alembe ndalama yeniyeni yomwe ili pa kalata ya ku yunivesite, tsiku lotsegulira, ndi zomwe banja lakwanitsa kale ngakhale itakhala ya thiransipoti yokha kapena thumba la mpunga lomwe mwagulitsa. Anenenso kuti ndalamayo atha kuyika okha ku akaunti ya sukulu osadzera m'manja mwanu, zimenezi zimachotsa chikaiko kwambiri. Aphatikize fotokope ya zotsatira za MANEB ndi kalata yomuitana ija. Tsamba limodzi lakwana.

Koma musanayambe kuzungulira ndi makalata, afunsire kaye ngongole ya boma ku HESLGB, bungwe lija linakhazikitsidwa mu 2015 kuti lizibwereketsa ophunzira osowa a m'mayunivesite. Kumeneko misozi sigwira ntchito, ndi fomu ndi mapepala, ndipo ndi ngongole, adzabweza akamaliza. Makalata aja apite kumpingo kapena kumzikiti kwanu, kwa a MP, ku ofesi ya a DC, ndi kwa anthu akwanu amene ali pantchito ku Dwangwa kaya ku Lilongwe. Iliyonse ikhale ndi dzina la mwini wake, osati ija ya kwa aliyense amene zikumukhudza.

Za Facebook ndinenepo pang'ono poti amalume akhoza kufikanso kumeneko. Kumujambula mwana atavala sanza atagwira tsaya, ayi. Chithunzi sichifufutika, anzake a ku Mzuni adzachipeza, odzamulemba ntchito adzachipezanso.

Iwe mwana wanga, ngati amayi akuwerengera izi, kalatayi ulembe wekha, amalume asakulembere, chifukwa mawu a munthu wamkulu wonamizira mwana amamveka. Ukamaliza uwawerengere bambo ako mokweza. Chiganizo chimene chikukuchititsa manyazi kuchitchula pamaso pawo uchichotse, kenako unditumizire ndione malembedwe.