Mwezi umodzi wa mabuku a fantasy ndi nthano zolembedwanso: poyambira ndi pogwera

Achemwali, mwafunsa kuti mukufuna kupatula mwezi wathunthu kuti muwerenge mabuku a fantasy (nkhani za maiko opeka ndi matsenga) otsatizana pamodzi ndi nthano zakale za milungu zimene alembi a masiku ano azilembanso mwatsopano, ndiye muyambire pati, nanga mungamalize mabuku angati. Ndiyankha motalikirapo, chifukwa anthu ambiri oyamba ulendo umenewu amathera panjira sabata yachiwiri, ndipo chowagwetsa chimakhala kusenza mtolo woposa msinkhu tsiku loyamba lomwe.

Musanagule buku lililonse, dziyeseni kaye liwiro. Tengani buku la Chingerezi limene muli nalo pafupi, tcherani wotchi ya pafoni mphindi 30, muwerenge mmene mumawerengera masiku onse osathamanga, kenako muone kuti mwadutsa masamba angati. Tinene kuti mwapeza 12. Ndiye kuti pa ola mumadutsa masamba 24, ndipo ngati mungapeze ola ndi theka tsiku lililonse, ndi masamba 36. Musachulukitse ndi masiku 30 ayi. Chotsanipo masiku 4 a maliro, ukwati, alendo obwera mosayembekezereka ndi tsiku lija mumangofika pakhomo n'kugwera pabedi. Masiku 26 kuchulukitsa ndi masamba 36 ndi masamba 936. Mwezi wanu ndi umenewo. Chiwerengero cha mabuku chilibe ntchito kwenikweni, popeza buku lina la fantasy lili ndi masamba 200 pomwe lina lili ndi 900.

Masamu amenewa akukuchotseranitu mabuku ena otchuka. The Lord of the Rings ya J.R.R. Tolkien, imene inatuluka m'zigawo zitatu mu 1954 ndi 1955, imapitirira masamba 1,000 ikakhala m'chikuto chimodzi, choncho ingadye mwezi wonse yokha, nthano za milungu osazikhudza n'komwe. The Wheel of Time ili ndi mabuku 14 akuluakulu ndi mawu oposa 4 miliyoni. Robert Jordan anamwalira mu 2007 asanaimalize, ndipo Brandon Sanderson ndiye analemba atatu omaliza mpaka 2013. Imeneyo ndi ntchito ya chaka kapena kuposerapo. Palinso msampha wa nkhani zosatha: A Song of Ice and Fire ya George R.R. Martin inayamba mu 1996, buku lachisanu linatuluka mu 2011, ndipo mapeto ake sanafike. Munthu amene wadziikira mwezi umodzi amafunika nkhani yoti akatseka chikuto amve kuti wafika penapake.

Ndiye langizo langa n'lakuti mbali ya fantasy muyambe ndi Earthsea ya Ursula K. Le Guin. Buku loyamba, A Wizard of Earthsea, la 1968, lili ndi masamba pafupifupi 200, ndipo nkhani yake imatheratu m'buku lomwelo ngakhale pali ena otsatira. Anthu ofunika kuwakumbukira ndi ochepa, dziko lake ndi la zilumba ndipo mapu ali koyambirira, matsenga ake ali ndi lamulo limodzi lomveka: chinthu chilichonse chili ndi dzina lake lenileni, ndipo amene walidziwa ali ndi mphamvu pa chinthucho. Lamulo limeneli mukaligwira, zonse zochitika m'bukumo zimalumikizana zokha. Lipatseni masiku 6.

Lachiwiri, The Tombs of Atuan, n'lalifupi kuposa loyamba, koma apa ndi pamene ambiri amakhumudwira, ndiye ndikuchenjezeni. Mumatsegula mukuyembekezera kupitiriza ndi Ged, mnyamata wa m'buku loyamba uja, koma mumapeza mtsikana, Tenar, amene anatengedwa ali mwana kukatumikira kumalo opatulika a m'chipululu, ndipo Ged amadzaonekera nkhani itapita kale patali. Mitu yoyambirira imayenda pang'onopang'ono, mumdima wa mapanga a pansi pa nthaka, mtsikanayo akuloweza njira powerenga makhotolo ndi kukhudza makoma. Musalisiye. Kuchedwa kumeneko mlembi anachita dala kuti nanunso mumve kupanikizika kwa mwana wokulira m'malo otsekeka, ndipo theka lachiwiri limabweza zonse. Masiku 5 akwana. Lachitatu, The Farthest Shore la 1972, mulisungire mwezi wina, ndipo lachinayi, Tehanu, linatuluka mu 1990, patapita zaka 18, ndi mtima wina ndithu, wolemera komanso wa anthu achikulire.

Tsopano mbali ya nthano zolembedwanso, imene ndikufuna tikhalepo nthawi chifukwa ndi imene anthu amaiwerenga mozondoka. Buku lotere limalembedwa ngati yankho. Mlembi amatenga nthano yodziwika, n'kupatsa pakamwa munthu amene m'nthano yakaleyo analibe mawu, kapena anangotchulidwa modutsa. Kukoma kwake kuli pa kusiyana kwa ziwirizo. Ngati nthano yoyambayo simukuidziwa, mumamva yankho lokha funso osalimva, ndipo mumangoona ngati ndi nkhani yachikondi kapena yankhondo wamba. Zili ngati kumva mlandu kwa mfumu mutafika mochedwa, wodandaula atayankhula kale.

Choncho musanatsegule Circe ya Madeline Miller, ya 2018, patulani masiku 2 kapena 3 muwerenge Odyssey ya Homer, ndakatulo yakale ya Agiriki yosimba ulendo wa ngwazi Odysseus wobwerera kwawo, osati yonse ayi. Ili ndi zigawo 24, koma inu mukufunika chigawo 9 mpaka 12 basi, pafupifupi masamba 70. M'zigawo zimenezi Odysseus akusimba yekha maulendo ake kwa anthu amene amulandira ngati mlendo. Chigawo 9 ndi cha chimphona cha diso limodzi, chigawo 10 ndiye cha Circe, mkazi wa pachilumba cha Aiaia amene anasandutsa anyamata a Odysseus nkhumba, chigawo 11 ndi ulendo wa kwa akufa, ndipo 12 muli chilombo chotchedwa Scylla ndi zoopsa zina za panyanja. Poliwerenga muonetsetse chinthu chimodzi: zonse zimene tikumva za Circe tikuzimva kuchokera pakamwa pa mwamuna amene akudzikometsera pamaso pa omulandira. Miller anatenga mkazi ameneyu, mwana wa Helios mulungu wa dzuwa, n'kumupatsa buku lonse la masamba pafupifupi 400 kuti anene yekha chifukwa chimene ankasandutsira amuna nkhumba. Mukawerenga Homer kaye, pamene ngalawa ya Odysseus ikukocheza pachilumbapo m'buku la Miller mudzamva thupi kuchita tsemwe, chifukwa mukudziwa mmene mwamunayo adzaisimbire nkhaniyi akachoka. Komanso musadabwe kuti Odysseus amafika mochedwa m'bukulo. Mbali yaikulu yoyambirira inachokera kwa alembi ena akale, monga nkhani ya mmene Scylla anasandukira chilombo, imene ili mu Metamorphoses ya Ovid. Circe ipatseni masiku 11 kapena 12.

Mukaphatikiza zonsezi mupeza masamba pafupifupi 840, ndipo mwatsala ndi malo opumira. Mukathamanga, The Penelopiad ya Margaret Atwood, ya 2005, n'kabuku kakang'ono kosimba Odyssey yomweyo kuchokera kwa Penelope, mkazi wa Odysseus amene anadikira zaka 20, ndi adzakazi 12 amene anapachikidwa mwamuna wake atabwerera. Musanakatsegule werengani chigawo 22 cha Odyssey, pamene pali kuphedwa kwa adzakaziwo m'mizere yochepa chabe.

Pali chisokonezo cha mayina chimene chimabalalitsa anthu ambiri. Milungu ndi ngwazi za Agiriki zili ndi mayina enanso a Chiroma: Odysseus ndi Ulysses, Athena ndi Minerva, Zeus ndi Jupiter kapena Jove, Poseidon ndi Neptune, Hermes ndi Mercury. Odyssey yaulere imene mungaipeze pa Project Gutenberg, tsamba la pa intaneti la mabuku akale, yomasuliridwa ndi Samuel Butler mu 1900, imagwiritsa mayina a Chiroma, pomwe Miller ndi Atwood amagwiritsa a Chigiriki. Munthu wosadziwa amayesa ndi anthu osiyana. Lembani mayina awiriawiriwa pakapepala, mukasunge m'bukumo ngati chokumbutsira tsamba. Ngati mungapeze Odyssey yomasuliridwa ndi Emily Wilson mu 2017, tengani imeneyo, Chingerezi chake n'chosavuta ndipo mayina ndi a Chigiriki.

Kapepala komweko kagwireni ntchito inanso. Buku lililonse la fantasy limakuthirani mayina achilendo ambiri m'masamba 50 oyamba, a anthu, mizinda, milungu ndi maudindo, ndipo mutu umakana. Musayese kuloweza onse. Dzina mulilembe pokhapokha likabweranso kachiwiri, ndi mawu atatu kapena anayi okukumbutsani, monga “mphunzitsi wake woyamba” kapena “mlongo wa Circe”. Dzina longotchulidwa kamodzi lisiyeni lidutse. Chimene musachite ndi kukafufuza dzina la munthu wa m'nkhani pa Google kapena pa masamba a okonda mabukuwa, chifukwa mzere woyamba womwe umakuuzani kuti anafa liti ndipo anamupha ndani. Chimodzimodzi ndi mawu a Chingerezi ovuta: mukamaima pa liwu lililonse kutsegula dikishonale, masamba 36 aja atsika kufika pa 15. Liwu limene silikukulepheretsani kumva chiganizo, pitirirani.

Buku likakana kukoma, lipatseni masamba 60 ngati n'lalifupi, 100 ngati n'lalitali. Likafika pamenepo mukadali kudzikakamiza, lisiyeni mutenge lotsatira, osadziimba mlandu. Ndipo musawerenge mabuku awiri a maiko opeka nthawi imodzi, mayina ndi malamulo a matsenga amasakanikirana m'mutu. Kuphatikiza kumene kumayenda ndi kwa Homer ndi buku lomuyankha, popeza anthu ake ndi amodzimodzi.

Pa kapezedwe ka mabuku, ngati mukugula kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu, yang'anani pamsana pa buku kapena tsamba lachiwiri kuti mudziwe ndi lachingati pamndandanda. N'zofala kupeza lachiwiri ndi lachitatu loyamba palibe, ndipo fantasy yoyambira pakati siimveka. Onaninso kuti masamba omaliza ndi mapu sanathothoke. Ngati muwerengera pafoni, sankhani EPUB osati PDF, chifukwa EPUB imasintha kukula kwa zilembo molingana ndi sikirini pomwe PDF imakukakamizani kukoka tsamba uku ndi uku mpaka maso kuwawa. Buku la EPUB lopanda zithunzi limadya data yochepa kwambiri. Mabuku omvera ndiwo olemera: pa LibriVox, pamene pali mabuku akale aulere owerengedwa ndi anthu odzipereka, ola limodzi la mafayilo opepuka (64 kbps) ndi pafupifupi 29 MB, ndiye koperani pamene muli ndi bandulo yokwanira kapena Wi-Fi. Odyssey imakoma kuimvera, pajatu inayamba ngati ndakatulo yonenedwa pakamwa pamaso pa anthu isanalembedwe, monga nthano zathu za madzulo.

Ngati mabukuwa mukufuna kuwerenga ndi ana, Circe si ya ana, muli nkhani ya kugwiriridwa, ndipo The Silence of the Girls ya Pat Barker, ya 2018, yosimba nkhondo ya Troy kuchokera kwa Briseis, mkazi wogwidwa ukapolo, ndi yowawa kuposa pamenepo. Ana apatseni Narnia ya C.S. Lewis, mabuku 7 aafupi a pakati pa 1950 ndi 1956. Koma samalani manambala a pachikuto: makope ambiri a masiku ano amaika The Magician's Nephew ngati loyamba chifukwa nkhani yake ndi ya pachiyambi pa dzikolo, chikhalirecho linatuluka mu 1955, lachisanu ndi chimodzi. Yambani ndi The Lion, the Witch and the Wardrobe la 1950, chifukwa linalo limafotokoza chiyambi cha zinthu zimene mwana sanazione n'komwe, ndipo chidwi chimatha.

Mukadzafuna nkhondo ya Troy mwezi wina, dziwiranitu kuti kavalo wamatabwa uja amene Agiriki anabisalamo kuti alowe mumzinda wa Troy mu Iliad ya Homer mulibe, ngakhalenso imfa ya Achilles, ngwazi ya Agiriki. Iliad imasimba masabata ochepa a chaka chakhumi cha nkhondo ndipo imathera pa maliro a Hector, ngwazi ya ku Troy. Za kavalo zimatchulidwa mwachidule mu Odyssey ndipo zimasimbidwa mokwanira m'chigawo 2 cha Aeneid ya Virgil.

Nthano zolembedwanso si za Agiriki okha. The Palace of Illusions ya Chitra Banerjee Divakaruni, ya 2008, imasimba Mahabharata, nthano yakale ya ku India, kuchokera kwa Draupadi, mkazi wa m'nthanoyo, ndipo Children of Blood and Bone ya Tomi Adeyemi, ya 2018, inamangidwa pa milungu ya Ayoruba a ku Nigeria. Kwathu konkuno Steve Chimombo anachita ntchito yomweyi kalekale: sewero lake The Rainmaker ndi la M'bona, wa kachisi wa ku Khulubvi ku Nsanje, ndipo ndakatulo zake za Napolo zinatenga chinjoka chija chimene makolo amati chikamasamuka m'phiri chimagumula nthaka ndi kubweretsa madzi osefukira. Apa njira ija yoyamba ndi gwero ndi yosavuta kuposa ya Homer, chifukwa gwero lake mukhoza kulimva kwa agogo. Afunseni akusimbireni za M'bona kapena za Napolo mmene iwo anazimvera, mulembe mfundo zake pakapepala kaja, kenako mukafunse mabuku a Chimombo ku laibulale ya National Library Service imene muli nayo pafupi. Sewero ndi ndakatulo n'zazifupi, zikhoza kulowa m'masiku awiri kapena atatu otsala kumapeto kwa mwezi m'malo mwa The Penelopiad.